Oonera Ndi Ambiri, Nanga Ogula Ali Kuti?

Ndikufuna ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu chibwerere ku tchuthi chachikulu. Ndikudziwa kuti ena mudabwa kuona mnyamata wa Fomu 3 akulemba za makanema a pa foni, chikhalirecho pano pa seminale foni sitiloledwa kusunga. Lamulo limenelo sindikulimbana nalo ayi. Koma tchuthi chikakwana tonse timanyamula zikwama kupita kwathu, ndipo kumeneko timakapeza abale athu ali pa Facebook, pa TikTok ndi pa WhatsApp, ena akungoseka nazo, ena akufunafuna nazo chakudya. Ine kwathu ndinakapeza za mtundu wachiwiriwu, ndipo gawo lina la fizi imene yandilowetsa m'kalasi teremu ino lachokera komweko. N'chifukwa chake nkhaniyi kwa ine si yamasewera.

Achemwali anga aakulu ndi telala. Ali ndi makina amodzi opalasa ndi mapazi, ndipo amakhala pakhonde la sitolo ina pa Lunzu, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zalewa. Pakhonde lomwelo pali matelala ena atatu, onse aamuna, onse akale pa ntchitoyo. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani zonse zinakwera mtengo, ndipo anthu ambiri anathawira ku kaunjika. Masiku ena dzuwa limalowa achemwali atangosoka zigamba ziwiri ndi kuchepetsa buluku limodzi. Munthu wodutsa pamsewu sangadziwe kuti mwa matelala anayi aja, amene amadula bwino kolala ya malaya a sukulu ndi uti. Iye amangoona makina anayi ofanana ndi anthu anayi owerama.

Bambo athu ali ndi chikhulupiriro chawo pa nkhani ya malonda. Iwo amati ntchito yabwino imadziitanira yokha anthu, ndipo munthu wodzilengeza yekha pali chimene akubisa. Sindikuwaseka. M'masiku awo mmisiri wamng'ono analibe njira ina. Kulengeza malonda pa wailesi ya MBC kapena m'nyuzipepala kunali kwa makampani akuluakulu a sopo ndi feteleza. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo telala wa pakhonde sakanalota n'komwe zoonekerapo. Chimene anali nacho ndi chikwangwani cholembedwa ndi penti, ndi pakamwa pa makasitomala ake basi. Zinthu zinayamba kutembenuka kutali ndi kuno, mu Epulo 2005, pamene mnyamata wina dzina lake Jawed Karim anaika kanema woyamba pa YouTube, wa masekondi 19 okha, ataima pafupi ndi njovu kumalo osungira nyama ku San Diego. Lero aliyense amene ali ndi foni yojambula ndi ndalama ya bandulo akuyenda ndi wailesi ya kanema yakeyake m'thumba.

Masiku ano anthu ophunzira za malonda amakamba kwambiri zoti munthu aliyense ayenera kumanga dzina lake monga m'mene kampani imamangira dzina la katundu wake. Amene anatchukitsa ganizoli ndi mlembi wa ku America, Tom Peters, m'nkhani imene analemba m'magazini ya Fast Company mu 1997. Koma kunena zoona, amayi a mumsika mwathu anazidziwa kale zimenezi asanamve za Tom Peters. Dzina la pamalonda ndi yankho limene munthu amapereka mnzake akamufunsa kuti, "Kodi siketi imeneyi anakusokera ndani?" Ngati yankho ndi lakuti, "Telala wina pa Lunzu paja," dzina palibe. Ngati yankho ndi lakuti, "Mayi uja amasoka yunifomu yosathina msanga," dzina lilipo, ndipo wofunsayo mawa lomwe adzabwera ndi nsalu. Funso langa tsono ndi lakuti kanema wa pa foni angathandize bwanji kuti yankho lachiwirili limveke kwa anthu ambiri.

Ndiyambe ndi kuulula cholakwa changa. Sabata yoyamba ya tchuthi ndinawanyengerera achemwali kuti avale chilundu chimene anadzisokera okha, avine nyimbo imene inali m'kamwa mwa aliyense pa TikTok masiku amenewo. Anakana kawiri, kachitatu analola. Tinajambula kuseri kwa nyumba, kubwereza kasanu ndi kamodzi chifukwa nkhuku zinkalowerera. Pofika Lachitatu kanemayo anali ataonedwa ndi anthu zikwi zingapo, ndipo ine ndinkayenda ngati ndapeza mgodi. Usiku ndinkadzuka kukasuzumira foni kuti ndione ngati nambala yakwera. Mauthenga anabweradi ambiri. Ena ankafunsa ngati achemwali ndi okwatiwa. Ena ankayamikira mavinidwe. Ena anali a kumayiko amene sitidzafikako. Wofunsa mtengo wa chilundu panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndalama imene tinathera pa bandulo sabata imeneyo inali yofanana ndi malipiro osokera masiketi awiri. Loweruka madzulo, tikupakula chakudya, achemwali anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, anthu anu zikwizikwi aja tingathe kudyera nsima?" Ndinasowa choyankha. Choipirapo n'chakuti mnzawo wina wa bambo anauona kanemayo ndi kukawauza, ndipo kwa masiku awiri m'nyumba munali zii.

Kanema wachiwiri sitinamukonzekere n'komwe. Kunabwera mayi wina ndi nsalu ya yunifomu ya mwana wake, akudandaula kuti chaka chilichonse amasoketsa siketi yatsopano chifukwa mtsikanayo akukula ngati chimanga cha m'dimba. Achemwali anayamba kumufotokozera kuti iwo popinda m'munsi mwa siketi amasiya nsalu yambiri, ndipo m'chiuno amasiyanso malo, kuti chaka chamawa munthu angomasula ulusi, siketi n'kutalika. Ine ndinali nditagwira foni, ndipo ndinapempha mayiyo ngati ndingajambule. Anati ndijambule manja okha, nkhope yake ayi. Kanemayo anatenga masekondi 40: manja a achemwali, choko, tepi yoyezera, ndi mawu awo akufotokoza monga amafotokozera masiku onse. Kumapeto anatchula pamene amapezeka, mtengo wosokera, ndi nambala ya foni. Tinamuika pa status ya WhatsApp ndi pa Facebook. Anthu amene anamuona sanafike ngakhale pa chigawo chimodzi mwa magawo khumi a oonera gule uja. Koma pomatha sabata amayi asanu ndi anayi anali atafunsa, ndipo asanu anabwera ndi nsalu. Inali nthawi yoti sukulu zatsala pang'ono kutsegulira, ndipo kholo lililonse linali ndi nkhawa yomweyo.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga onse. Oonera ndi ogula ndi magulu awiri osiyana, ndipo achinyamata ambiri tikuwononga bandulo ya makolo athu posaka gulu loyamba, tikuganiza kuti ndi lachiwiri.

Wina anganene kuti ndikuweruza ndi makanema awiri okha a telala mmodzi. Chabwino, tiyeni titenge chitsanzo chimene Amalawi tonse tikuchidziwa. Mu 2020 woimba Patience Namadingo anajambula pamodzi ndi agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu nyimbo zawo zakale, ndipo imodzi mwa izo, Linny Hoo, inadzafalikira pa TikTok ngati moto wolusa. Pofika Januwale 2022 atolankhani akunja analemba kuti yaonedwa koposa ka 80 miliyoni, kutanthauza kuposa kanayi chiwerengero cha anthu onse amene anawerengedwa m'Malawi pa kalembera wa 2018. Atolankhani omwewo atawayendera kumudzi anapeza kuti agogowo, a zaka zoposa 90, analibe foni yamakono ngakhale magetsi m'nyumba mwawo. Sindikuti kutchukako sikunawathandize konse, ndipo sindikuchepetsa luso lawo, limene ndi chuma cha dziko. Ndikungoti panalibe kanjira kowongoka kochokera kwa oonera 80 miliyoni aja kufika pakhomo pawo. Ngati zinatero ndi katswiri wotere, nanga iwe ndi ine?

Anzanga kugonero amakonda kunditchulira Khaby Lame, mnyamata wobadwira ku Senegal amene anakulira ku Italy. Iye ntchito ya m'fakitale itamuthera mu Malichi 2020 anayamba kujambula makanema oseketsa osayankhula, ndipo mu Juni 2022 anakhala munthu wokhala ndi omutsatira ambiri kuposa aliyense pa TikTok. Nkhaniyi ndi yoona. Koma timamudziwa chifukwa ndi mmodzi. Anyamata ena osawerengeka amene ntchito inawathera mwezi womwewo n'kuyamba kujambula, maina awo sitiwadziwa. Ndipo njira yolandira malipiro kuchokera ku makampani eni akewo ndi yopapatiza kuposa m'mene timaganizira. Mu 2018 YouTube inakhazikitsa lamulo loti munthu asanayambe kugawiridwa ndalama za otsatsa malonda akhale ndi omutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonedwa m'miyezi 12. Thumba limene TikTok inatsegula mu 2020 lolipirira opanga makanema linayambira ku America ndi mayiko ochepa a ku Ulaya. Telala wa pa Lunzu akadikira ndalama zimenezo adzafa ndi njala, chonsecho amayi ofuna yunifomu akudutsa pamaso pake.

Nanga n'chifukwa chiyani gule anayenda kutali chotero pamene siketi inangozungulira pafupi? Yankho lili m'kachitidwe ka makompyuta amene amasankha chimene munthu aone. Mu 2020 eni TikTok anafotokoza okha kuti makina awo amayang'ana kwambiri ngati anthu akuonera kanema mpaka kumapeto, ngati akumukonda ndi kumugawira anzawo, ndipo kuti kuchuluka kwa okutsatira pakokha si kumene kumapangitsa kanema kufalikira. Mfundo yomalizayi ndi yolimbikitsa kwa ongoyamba kumene. Koma taonani chimene makinawo akuyeza: akuyeza kuonera. Kugula sakukuyeza, chifukwa kampaniyo imapindula munthu akakhalitsa maso pa foni kuti aone malonda a makampani ena amene alipira. Motero gule wa achemwali anagwirira ntchito TikTok kwaulere, pa bandulo yathu. Makinawo sadziwa kuti munthu wa ku Lagos kapena ku London sangakwere minibasi kudzayezetsa m'chiuno pa Lunzu.

Status ya WhatsApp imayenda mosiyana, ndipo ndi imene ndinaipeputsa poyamba. Inayamba mu 2017, imafufutika pakatha maola 24, ndipo amene amaiona ndi okhawo amene munasungirana nawo manambala. Ndi anthu ochepa, inde, koma ndi anthu ake enieni: amayi a kumphakati, aphunzitsi a pa sukulu ya pulayimale yapafupi, makasitomala akale, alamu ndi azakhali. Onsewa amadziwa pamene pali khonde lija. Chiyambire pamenepo achemwali amapempha aliyense wobwera ndi nsalu kuti asunge nambala yawo, nawonso n'kusunga yake. Ntchito imeneyi siyochititsa chidwi, ndipo palibe amene angaiombere m'manja, koma ndi imene yachulukitsa oonera oyenera.

Tsono kufunsa mtengo si kugulanso ayi. Mwa amayi asanu ndi anayi aja, anayi sanabwere. Apa ndi pamene tinagula kope la mapeji 40, lomwe timalembera masamu lija. Aliyense wofunsa timamulemba: dzina, nambala, chimene akufuna, ndi kumene anaona kanemayo. Wina anati adzabwera akalandira malipiro pamapeto a mwezi, ndipo achemwali analemba tsikulo ndi kumukumbutsa mwaulemu litakwana. Anabweradi, ndi ana awiri. Wina anati mtengo wakwera, ndipo anamusiya osamukakamiza. Tinaonanso kuti munthu akafunsa m'mawa n'kuyankhidwa madzulo, amakhala atapita kale kwa telala wina, chifukwa amene akufunsa mtengo nsalu ili kale m'chikwama. Anthu a malonda akuluakulu ali ndi mapulogalamu a pa kompyuta ochitira zomwezi, ndipo WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Koma kope limakwanira, ndipo silifuna kutchaja.

Pali chizolowezi china chimene chimandinyansa, ndipo ndichitchule ngakhale ndipatuke pang'ono. Ogulitsa ambiri amaika kanema wokongola koma mtengo osautchula, wofunsa n'kumuuza kuti, "Bwerani ku inbox." Kodi mumsika munaonapo wogulitsa tomato akuuza munthu kuti apite naye kuseri kwa chimbudzi kuti akamuuze mtengo wa mulu? Munthu wa ndalama zochepa akaona kuti mtengo wabisika amaganiza kuti ndi wokwera, ndipo manyazi amamuletsa kufunsa. Winanso amakayika kuti mwina mtengo umasintha malinga ndi nkhope ya wofunsa. Achemwali anatchula mtengo poyera, ndipo amene ankaimba foni anali oti avomereza kale mumtima.

Ndibwerere kwa bambo athu, ndi kwa inu makolo amene mukugwirizana nawo. Mumati kudzijambula ndi kudzitama, ndipo mwambo wathu sulola munthu kudziimbira yekha ng'oma. Pa kanema woyamba uja ndikuvomereza kuti munalondola, ndipo wolakwa ndinali ine. Koma pa wachiwiri ndikupempha kuti muganizenso. Kusiyana kwa awiriwa kunali kumene kamera inayang'ana. Woyamba inayang'ana munthu, wachiwiri inayang'ana ntchito. Mu kanema wa siketi achemwali sananene kuti ndi telala woposa onse. Anangophunzitsa chinthu chimodzi chothandiza, chimene ngakhale mayi wopita kwa telala wina akhoza kukachipempha kumeneko. Kodi kumeneko n'kudzitama? Akuluakulu omwe anatiletsa kudzichemerera ndi omwenso anatiuza kuti mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Ndipo ndi omwewo anati malonda ndi m'maso. Kale maso a wogula ankafika pa katundu pokhapokha iye mwini atafika pakhonde. Lero khonde likhoza kupita kwa iye. Bambo amanena zoona kuti ntchito yabwino imaitana anthu, koma imaitana okhawo amene aiona.

Mwina wina adabwa kuti dzina la munthu limangidwa bwanji nkhope yake isakuoneka. Ine ndinaona zikuchitika. Makanema otsatira onse anali a mtundu womwewo: kusintha zipi ya buluku popanda kung'amba nsalu, kudziwa chitenje chosuluka usanachigule, kuyeza mwana wosakhazikika. Manja omwewo, mawu omwewo, khonde lomwelo, kawiri pa sabata. Nkhope inkaoneka mwa apo ndi apo, popereka moni. Pofika sabata yachisanu mayi wina anatsika minibasi n'kufunsa anyamata a kabaza kuti, "Ali kuti mayi amaphunzitsa za mayunifomu pa foni aja?" Anyamatawo anamulozera osafunsa kawiri. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti yankho la funso lija, lakuti anakusokera ndani, lasintha.

Komabe sindikufuna kuti mutseke magazini ino mukuganiza kuti zonse ndi uchi. Pali ogulitsa ena amene amatenga zithunzi ndi makanema a madiresi osokedwa ku Nigeria kapena ku Ghana n'kumanena kuti ndi ntchito ya manja awo. Mkwatibwi amalipira, tsiku la chinkhoswe layandikira, ndipo chimene amalandira ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku ano kwabweranso makanema opangidwa ndi kompyuta, oonetsa zinthu zimene sizinakhaleko. Wochita zotere amaiwala kuti foni imene yamukweza ndi yomwenso ili m'manja mwa mkwatibwi wokhumudwayo, ndipo iye naye amatha kujambula. Inenso ndinayesedwapo. Tsiku lina ndinafuna kubisa msoko wokhota pa diresi lina poimika foni mbali ina. Achemwali anandilanda foniyo, anamasula msokowo, n'kusokanso, ndipo tinajambula mawa lake.

Vuto lina ndi la nambala ya foni. Mkazi akaika nambala yake poyera, oimba si ofuna siketi okha. Mauthenga opusa a usiku sanathe ndi gule uja, ngakhale anachepa kwambiri. Achemwali anagula nambala ina ya malonda yokha, imene amaizimitsa akaweruka, ndipo makasitomala amakumana nawo pakhonde masana, kunyumba ayi. Kunabweranso munthu wina amene anaitanitsa madiresi awiri pa foni, n'kutumiza uthenga wooneka ngati wotsimikiza kuti ndalama zalowa, akuti titumize katunduyo pa minibasi msanga. Mwamwayi achemwali anayamba aona kaye ndalama zotsala mu akaunti yawo, ndipo munalibe kanthu. Uthengawo anaulemba yekha ndi zala zake. Akanapupuluma, ntchito ya masiku anayi ndi nsalu ya eni ake zikanapita.

Ndiye pali nkhani ya chilolezo, imene achinyamata timaiiwala kawirikawiri. Chovala chimakongola chikavalidwa, motero chilakolako chojambula kasitomala atavala chimakhala chachikulu. Koma thupi ndi lake, nkhope ndi yake. Mayi wina anakana ngakhale kujambula diresi lake lili pa hang'ala, akuti safuna anthu alione tsiku la ukwati lisanafike, ndipo anali ndi ufulu wonse. Ana a sukulu ovala yunifomu sitinawajambule nkhope ngakhale makolo atalola, chifukwa yunifomu imaulula sukulu imene mwana amaphunzira, ndipo kanema akatuluka sungamuitanenso. Eni Facebook ndi TikTok amati munthu asatsegule akaunti asanakwanitse zaka 13. Ngati iwo amene amapindula nafe aika malire, ife tisachite kuposa pamenepo ndi ana a eni.

Chomaliza chondidetsa nkhawa n'chakuti masamba onsewa ndi munda wobwereka. Panali tsamba lina lotchedwa Vine, la makanema a masekondi 6, limene linatchukitsa achinyamata ambiri ku America, koma linatsekedwa mu Januwale 2017. Mu Juni 2020 boma la India linaletsa TikTok, ndipo anthu amene anali ndi owatsatira mamiliyoni anadzuka m'mawa alibe pojambulira. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Mwini munda akafuna munda wake safunsa ngati chimanga chako chacha. Amene ali ndi otsatira okha, tsiku lotero amatsala manja ali m'khosi. Amene anasandutsa otsatirawo kukhala maina ndi manambala m'kope akhoza kuwaimbira foni wamba, kapena kutuma mwana. Ichi ndi chifukwa china chimene ndimalilemekezera kope la masamu lija kuposa nambala ya oonera.

Kwa inu abambo ansembe, amene m'maparishi mwanu muli achinyamata ambiri oluka, owotcherera, ophika ndi oweta nkhuku, pempho langa ndi laling'ono. Mukawaona akujambula musafulumire kuwaika onse m'gulu la otayika, ndiponso musawayamikire chifukwa choti atchuka. Afunseni kuti kanemayo akuonetsa chiyani, ndipo mwa amene amuona ndi angati abwera kudzagula. Mnyamata amene angakuyankheni funso lachiwirili ndi nambala yeniyeni ali pa ntchito. Amene angakuonetseni oonera okha ali pamene ndinali ine sabata yoyamba ija, ndipo akufunika munthu womufunsa za ndiwo monga anandifunsira achemwali.

Kwa ife anzanga a pano, tisadzinamize kuti nkhaniyi ndi ya kunja kwa mpanda. Tonse tikudziwa kuti si onse olowa Fomu 1 pa seminale amene amafika pa unsembe. Ena adzakhala aphunzitsi, ena alimi, ena adzatsegula mashopu, ndipo adzafuna kuti anthu adziwe chimene amatha. Ngakhale pakali pano, ambiri a ife fizi yathu imachokera m'manja mwa munthu wina amene akugulitsa kanthu penapake. Ine chimene ndinaphunzira pa ine mwini n'chochititsa manyazi pang'ono: kudzuka usiku kukaona nambala kunalibe chochita ndi fizi kapena ndi achemwali. Ndinkangofuna kumva kukoma koti chinthu chimene ndajambula ine chikuyenda. Njala imeneyo siikhuta, ndipo ndikuthokoza kuti miyezi itatu ino foni ili kutali nane.

Bambo sanasinthe maganizo awo onse. Mpaka lero amati akanakonda mwana wawo wamkazi asamamveke mawu m'mafoni a anthu osawadziwa, ndipo pa chimenecho sindinathe kuwatsutsa kotheratu. Koma m'mawa wa tsiku limene ndinkabwerera kuno, achemwali atawerengera ndalama zoonjezera pa fizi patebulo, bambo anatenga kope lija n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba, magalasi ali pamphuno. Munali maina 31. Anafunsa kuti chizindikiro cha mtanda pambali pa maina ena chikutanthauza chiyani, ndipo achemwali anati ndi amene abwera kale kawiri. Sananene kanthu. Anangolitseka n'kuwabwezera.

Wojambula kulibe tsopano, motero achemwali amatsamiritsa foni pa chitini cha mabatani, n'kuitsekereza ndi mpukutu wa ulusi kuti isagwe makina akamagwedezeka. M'kalata imene ndalandira sabata yatha alemba kuti makanema akutuluka opendekeka pang'ono, ndipo mmodzi mwa matelala aamuna aja wawapempha kuti amuphunzitse kujambula. Akuti sanamuyankhe, akudikira ndikafike pa tchuthi cha Khirisimasi kuti tikakambirane ngati n'kwanzeru kuphunzitsa munthu wa pakhonde lomwelo.